Mwana wosauka asamagule khomo lopemphera thandizo: kalata kwa akuluakulu a za maphunziro

Olemekezeka a Nduna oona za maphunziro, akuluakulu a bungwe la ngongole ndi thandizo la ophunzira, akuluakulu a mayunivesite a boma, ndi inu aphungu a m'komiti ya za maphunziro ku Nyumba ya Malamulo,

Landirani moni wanga waulemu. Ine ndine mayi, mphunzitsi wa masamu pasukulu ina ya CDSS kumadzulo kwa Lilongwe, kutali ndithu ndi pamene tala amathera. Ndagwira choko pamenepo zaka 14. Ndasankha kukulemberani poyera chifukwa eni nkhaniyi, ana amene amadutsa m'manja mwanga, sadziwa khomo loti agogode, ndipo ngakhale atalidziwa, ndalama yokwerera minibasi mpaka ku Capital Hill sangaipeze. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine m'mimba mumandipota chaka ndi chaka, nthawi imene mayina a ana osankhidwa kupita ku yunivesite atuluka.

Tsiku limenelo pasukulu pathu pamakhala chimwemwe chokhachokha. Sitisankhitsa ana ambiri ayi. Chaka chabwino amakhala atatu kapena anayi, chaka china mmodzi yekha, china osapezeka ndi mmodzi yemwe. Ndiye dzina likangooneka pamndandanda, ahedi amaimba belu phunziro lili mkati, ana amakhamukira panja, amayi ogulitsa zitumbuwa kuseri kwa mpanda amayamba nthungululu asanamve n'komwe kuti wasankhidwayo ndi mwana wa yani. Koma masiku akangopitapo, mwana yemwe uja amafika pakhomo panga chakumadzulo, n'kukhala pakhonde osalankhula, kenako n'kufunsa kuti, "Madamu, ndiye ndiyambire pati?" Funso limeneli ndi limene landilembetsa kalatayi.

Pempho langa ndi limodzi, ngakhale lili ndi nthambi zake. Konzani njira yopemphera ngongole ndi thandizo la maphunziro kuti mwana wosaukitsitsa athe kuidutsa. Mmene zilili pano, kuti mwana asonyeze kuti kwawo kulibe ndalama, amayenera ayambe wawononga ndalama. Amene kwawo kuli kangachepe amadutsa mokwawa. Amene kwawo kulibiretu amagwera panjira asanafike pakhomo, ndipo dzina lake silipezeka m'kaundula aliyense, ngakhale wa okanidwa.

Ndisanapitirire, ndiyamike pamene payenera kuyamikidwa. Lamulo la mu 2015 limene linakhazikitsa Higher Education Students' Loans and Grants Board linali lanzeru. Anthu ambiri amene lero ndi anamwino, alangizi a zaulimi, aphunzitsi ndi mainjiniya akanathera m'zigafa za fodya pakanapanda ngongole ya maphunziro. Inenso ndine mmodzi wa iwo, ngakhale ndinaphunzira bungweli lisanabadwe. Bambo anga anali mlonda. Ndinasainira ngongole ya boma ndili mtsikana, ndipo ndinaibweza yonse pang'onopang'ono kuchokera pamalipiro anga a uphunzitsi. Choncho sindikulemba ngati munthu wodana ndi ndondomekoyi. Inandiwolotsa mtsinje, ndipo ndikacheuka ndikuona ana anga atatsala tsidya linalo, madzi akukwera.

Ndikuuzeni za mtsikana mmodzi. Ndingomutchula ndi mfunda wake, Naphiri, poti a Naphiri ngambiri m'dziko muno. Mayi ake anamwalira iye ali Sitandade 3, bambo ake anali atatsogola kale. Anakulira kwa agogo ake aakazi, amene chuma chawo chonse ndi kamunda ka mtedza ndi nkhuku zingapo. Ankayenda wapansi ola ndi theka kubwera kusukulu. Usiku ankawerenga ndi tochi, mabatire akatha n'kusendera pafupi ndi moto. Pasukulu pathu palibe labotale, choncho sayansi anaiphunzira pabolodi ndi m'buku limodzi logawana anthu 8. Komabe pamayeso a MSCE anapeza mapointi 14, ndipo anasankhidwa kukaphunzira kuyunivesite ina ya boma. Iye anazimva patapita masiku anayi, nditatuma mwana wa Fomu 2 panjinga, chifukwa pakhomo pawo palibe foni.

Kupempha ngongole masiku ano n'kwa pa intaneti, ndipo chifukwa chake ndimachimvetsa: pepala limasochera, kompyuta imasunga, ndipo chinyengo chimachepa. Koma kwathuku netiweki imagwira bwino malo amodzi okha, pachulu china kuseri kwa bwalo la mpira. Pamenepo ndi pamene tinakaima, ine ndi foni yanga m'mwamba, Naphiri atakumbatira envelopu ya khaki mmene munali satifiketi yake, chitupa cha unzika ndi tizithunzi tiwiri. Tsamba linkati likatseguka, tikalemba dzina, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, basi n'kuzimanso. Tinayambiranso kanayi. Dzuwa linapendeka, mbuzi zinayamba kubwerera kumakola, bandulo inatha. Mawu ena a pafomupo ndi Chingelezi cha m'maofesi, choti inenso mphunzitsi ndinawerenga kawiri kuti ndimvetse chimene akufunsa. Mawa lake tinapita pamsika, kwa mnyamata wina amene ali ndi kompyuta ndi makina ojambulira zikalata, amene amalipiritsa pa pepala lililonse. Titangoyamba, magetsi anazima. Tinabwereranso mkuja wake.

Koma zimenezo zinali zochepa. Mtunda weniweni unali kusonyeza kuti Naphiri ndi wamasiye. Aliyense wopereka thandizo amafuna umboni, ndipo n'zomveka, chifukwa alipo ena amene amapha makolo awo papepala kuti alandire zosawayenera. Koma makolo a Naphiri anamwalirira kumudzi, n'kuikidwa mawa lake, adzukulu n'kusamba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Nthawi imeneyo palibe amene ankaganiza za chiphaso cha imfa. Kulembetsa kubadwa ndi imfa kunayamba kukhala kokakamiza mu 2015, ndipo zitupa za unzika zinafika kwa anthu ambiri mu 2017. Mayi ake anali atagona kale kumanda zaka zingapo. Nditawafotokozera agogo aja kuti pakufunika kalata yotsimikiza za imfa, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, manda alipo. Auzeni abwere adzaone. Mitanda yake ndinazika ndekha." Ndinasowa chowayankha.

Tinayamba ulendo wa makalata. Kwa anyakwawa, ndipo inu mukudziwa kuti kwa mfumu sapita chimanjamanja, nkhuku imodzi inapita pamenepo. Kwa agulupu. Kenako m'tauni, kuofesi ina imene sindiitchula. Ulendo woyamba, woyenera kusaina anali kumsonkhano. Ulendo wachiwiri, kunapezeka kuti pakusowa kapepala kena kamene sanatiuze poyamba. Wachitatu ndi umene chidindo chinagwa papepala. Ulendo uliwonse unali kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka kudepoti, minibasi ina, ndiye kubwerera chimodzimodzi. Tsiku lina kunamudera ndipo anagona kwa msuweni wanga ku Chinsapo. Nditawonkhetsa zonse, poti kuwonkhetsa ndiyo ntchito yanga, ndinapeza kuti ndalama imene inapita pa maulendo, zithunzi, mapepala ndi mabandulo ikanagula thumba la chimanga n'kutsalako. Agogo aja anaipeza pogulitsa mtedza umene anasunga kuti ukhale mbewu.

Sukulu inatsegula yankho la pempho lake lisanabwere. Apa ndi pamene mabanja ambiri amagonjera. Kupita, ndalama palibe. Kukhala, malo apita. Agogo anakatenga katapila, ife aphunzitsi tinasonkha zimene tinali nazo, ndipo Naphiri ananyamuka ndi kathumba ka ufa, ndowa, mbaula ndi bulangete limodzi. Malo ogona a pasukulu sanawapeze, anachita lendi kachipinda ndi anzake atatu. Milungu yoyamba ankadya kamodzi patsiku. Usiku wina anandiimbira pafoni ya mnzake, mawu ali pansipansi, akuti, "Madamu, kodi ndingobwerako?" Ndinamukaniza, koma nditadula foniyo sindinagone, chifukwa ndinkadziwa kuti ndamuuza apirire njala imene ine sindikuimva. Mwamwayi yankho linabwera labwino, ndipo pano ali chaka chachitatu. Koma chaka chimenecho agogo ake sanadzale mtedza.

Naphiri ndi amene zinamuyendera. Panalinso mnyamata wina, wakuthwa mutu pa masamu kuposa mwana aliyense amene ndaphunzitsapo. Atalemba mayeso anapita kukagwira ntchito kuesiteti ya fodya ku Kasungu kuti athandize mayi ake. Mayina atatuluka, lake linalipo. Tinamusaka, uthenga unadutsa m'manja mwa anthu atatu, ndipo pofika kuno nthawi yopereka mapempho inali itatha. Popanda chiyembekezo cha ngongole sanayerekeze n'komwe kunyamuka. Lero amayendetsa njinga yamoto ya eni ake pa Chigwirizano. Ndikatsika minibasi amandithamangira, kundinyamula, n'kukana ndalama yanga, ndipo njira yonse sitikambapo za sukulu. M'mabuku anu iyeyu si wokanidwa. Pa dzina lake panangolembedwa kuti sanabwere. Mukamawerengera kuti chaka chino mwathandiza ana angati mwa amene anapempha, dziwani kuti pali ena onga iye amene sanafike poti n'kupempha, ndipo kawirikawiri ndiwo osowa kwambiri.

Taganizaninso izi: ife tili m'boma la Lilongwe lomwe lino, mmene muli likulu la dziko ndi maofesi anu onse. Ngati kwa ife njirayi ili yotere, nanga mwana wa ku Chitipa, wa ku Nsanje, wa pachilumba cha Likoma?

Tsono chimene ndikupempha n'chiyani?

Choyamba, ndiponso chachikulu, boma lisamafunse mwana umboni wa chinthu chimene boma lomwelo likuchidziwa kale. Agogo a Naphiri ali pa Mtukula Pakhomo. Ndondomeko imeneyi inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo pano ili m'maboma onse 28. Kuti munthu alowemo, anthu a boma amafika pakhomo, amaona denga, amafunsa za chakudya, amawerenga ana ndi ziweto, mudzi umachitira umboni, ndipo zonsezi zimalowa m'kaundula wa mabanja wa UBR. Ndiye kuti boma linalemba kale ndi dzanja lake kuti banja limeneli n'losaukitsitsa. Nanga bwanji mwana wa m'banja lomwelo azigulitsanso mbewu kuti atsimikizire boma zimene linaona ndi maso? Nambala ya pachitupa cha unzika ilipo. Lumikizani makaundula anuwa, kuti mwana wochokera m'banja la Mtukula Pakhomo akangolemba nambala yake ndi ya womulera, umboni ukhale wakwana. Ndipo ndalama iliyonse yolipira popereka pempho ichotsedwe kwa ana otere. Kwa amasiye amene makolo awo anamwalira malamulo olembetsa imfa asanakhwime, kalata ya mfumu ndi ya ahedi a sukulu imene mwana anaphunzira, yochitiridwa umboni ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, izikhala yokwanira. Ife aphunzitsi timawadziwa ana athu. Timadziwa amene amabwera osadya, amene yunifolomu yake ndi ya mkulu wake, amene tinapita kumaliro a mayi ake. Wonama mumupatse chilango, ngakhale atakhala mphunzitsi kapena mfumu, koma musalange osauka onse chifukwa cha mabodza a ochepa.

Chachiwiri, fikitsani khomolo pafupi. Bungwe la National Council for Higher Education ndi limene limayendetsa kasankhidwe ka ana opita kumayunivesite a boma: University of Malawi ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS, LUANAR kwathu kuno ku Bunda, Mzuzu University, ndi MUST ku Thyolo. Mwana aliyense wofuna malo amadzaza kale fomu kumeneko. Chovuta n'chiyani kuti pafomu yomweyo pakhale funso loti, kodi ukasankhidwa udzafuna thandizo? Akayankha kuti inde, zonse zokhudza iye zipite zokha kwa oyendetsa ngongole, kuwunika kuyambe mayina asanatuluke, ndipo tsiku limene akumva kuti wasankhidwa amverenso limodzi za thandizo. Ulendo umodzi, bandulo imodzi, zithunzi kamodzi. Mnyamata wa ku Kasungu uja akanakhala kuti anapempha kale asananyamuke, bwenzi pano ali m'kalasi.

M'zoni iliyonse ya maphunziro muli malo a TDC kumene aphunzitsi timakumanirako. Kompyuta imodzi yoyendera mphamvu ya dzuwa, makina amodzi ojambulira zikalata, ndi munthu mmodzi wodziwa fomuyo, kwa milungu iwiri pachaka, zikanasintha zambiri. Phunzitsani mphunzitsi mmodzi pa CDSS iliyonse. Ntchitoyi tikuigwira kale ndi mafoni athu, mongopapasa. Kambirananinso ndi MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, komanso makampani a mafoni kuti tsamba lopempherapo ngongole lizitseguka popanda bandulo, ndipo likhale lopepuka, losunga zimene munthu walemba kale netiweki ikathawa.

Pali china chimene mwina m'maofesi simuchimva. Kumudzi mawu oti ngongole amaopsa. Anthu anaonapo mnzawo akulandidwa malata, mbuzi, ngakhale ziwiya za m'nyumba chifukwa cha ngongole. Agogo a Naphiri anandikokera pambali n'kundifunsa monong'ona kuti, "Nanga akadzalephera kubweza, sadzatilanda munda?" Ndikudziwa bambo wina amene analetsa mwana wake kupempha chifukwa cha mantha omwewo. Lankhulani ndi makolo m'chilankhulo chawo, pawailesi ya MBC ndi pamawailesi a m'madera, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilhomwe, m'Chisena, m'Chitonga. Auzeni kuti ngongoleyi imalipira chiyani, wobweza ndani, amayamba liti, ndipo chimachitika n'chiyani ngati ntchito sinapezeke msanga. Uthenga ukangoikidwa pa Facebook ndi m'nyuzipepala, umafika kwa amene akanaumva kale.

Za nthawi ndanena kale m'nkhani ya Naphiri, koma ndibwerezeko pang'ono. Chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo, mayunivesite amatsegula aliyense nthawi yakeyake, ndipo mlimi amagwira ndalama akagulitsa mbewu, kuyambira Epulo mpaka cha m'ma Ogasiti. Makalendala atatuwa sayenderana, ndipo wopsinjika pakati ndi mwana. Khalani pansi, inu a mayunivesite, a bungwe la ngongole ndi a kuthumba la boma, mugwirizane kuti yankho lizituluka sukulu isanatsegule. Zikalephereka, yunivesite izimulola mwana amene ali ndi umboni woti anapempha kuti alembetse, alowe m'kalasi, agwiritse ntchito laibulale ndi kulemba mayeso podikira yankholo. Ndipo wokanidwa auzidwe chifukwa chake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani zosungidwa ndi boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Mwana ali ndi ufulu wodziwa ngati wakanidwa chifukwa kapepala kanasowa kapena chifukwa ndalama zinatha. Akadziwa, atha kukonza, kapena kudandaula. Kudandaulako kuzithekanso ali komwe aliko, osati mpaka akwere basi kubwera ku Lilongwe.

Tsopano ndifike pamene pali mtima wanga. M'dzina la bungwe lija muli zinthu ziwiri, ngongole ndi thandizo losabweza. Ngongole timaidziwa tonse. Thandizo losabweza limalunjika kwa amene akukhoza bwino koposa anzawo, ndipo kulimbikitsa akhama n'kwabwino, sindikutsutsa. Koma taonani mmene mpikisanowo umayambira. Mwana wa ku CDSS amafika kuyunivesite asanagwirepo kompyuta, asanaonepo labotale, Chingelezi chake chili cha m'buku. Amakhala m'kalasi limodzi ndi ana a m'masukulu a boma ogonera komweko, a mishoni ndi a pulaiveti, amene zonsezi anakula nazo. Pamwamba pa zimenezo wagona ndi njala ndipo akuganiza za lendi. Mwana ameneyu sangakhale woyamba m'kalasi semesita yoyamba, osati chifukwa cha kuchepa nzeru. Mapointi 14 a pansi pa tochi ya mabatire ndi olemera kuposa mmene amaonekera papepala. Mmera m'poyamba. Ndikupempha kuti gawo lina la thandizo losabweza likhale la osaukitsitsa a chaka choyamba, ngati ndalama yoyambira: yokwerera basi, matiresi, lendi ya mwezi woyamba, ndalama yolembetsera, ndi chakudya cha milungu yoyambayo. Iperekedwe sukulu isanatsegule, pa Airtel Money kapena Mpamba, m'dzina la mwanayo. Si ndalama yambiri poyerekeza ndi fizi ya zaka zinayi, koma ndi imene imalekanitsa amene anyamuka ndi amene atsala. Ndi imenenso imatsekera katapila panja.

Ponena za ndalama yodyera, imene anawo amati upkeep, tinayamika pamene inakwezedwa mu 2024 kuchoka pa K350,000 kufika pa K560,000 pachaka. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Tikagawa K560,000 ya mu 2024 ija pa miyezi 8 yokha ya maphunziro, ndi K70,000 pamwezi, imene ndi pafupifupi K2,300 patsiku. Pamenepo pachoke lendi, ufa, ndiwo, makala, sopo, mapepala ndi bandulo yotumizira ntchito ya m'kalasi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense wogula ufa akudziwa zimene zachitika pamsika chichokereni nthawi imeneyo. Ndalama imeneyi isamadikire kuti ophunzira ayambe alira mokweza. Iziwunikidwa chaka chilichonse potengera mtengo wa chimanga ndi wa nyumba pafupi ndi masukuluwo.

Ndinene mosabisa ngati mayi. Njala ya mtsikana kuyunivesite ili ndi anthu oidikirira. Amaimika magalimoto panja pa mpanda kumapeto kwa sabata, ndipo amadziwa bwino mwezi umene ndalama zachedwa. Ndinalandirapo mtsikana wanga mmodzi atabwerera kumudzi ndi pathupi chaka chachiwiri, mwana amene pasukulu pathu anali chitsanzo. Atandifotokozera mmene zinayambira, sindinamudzudzule. Ndinangolira naye. Tsiku lililonse limene ndalama yodyera yachedwa, pali mtsikana wina amene akuyesedwa motero.

Mudzandifunsa kuti ndalama zonsezi zichokera kuti, ndipo funsolo ndi loyenera. Thumba la ngongole linapangidwa kuti lizizungulira: wathandizidwa, wagwira ntchito, wabweza, wina wathandizidwa. Lamulo la mu 2015 linapatsa bungweli mphamvu yotolera ngongole zakale, kuyambira za mu 1985, ndipo linaikanso udindo pa olemba anthu ntchito. Tolerani molimba mtima. Pali anthu amene anaphunzira ndi ndalama ya boma zaka makumi atatu zapitazo, pano ali ndi nyumba za mipanda ku Area 43 ndi ku Area 47, ana awo ali m'masukulu odula, koma ngongole imene inawafikitsa pamenepo sanaibwezebe. Ngati mphunzitsi wa ku CDSS anakwanitsa kubweza ndi malipiro ake, iwo palibe chowalepheretsa. Ndipo ngati pakati pa inu olemekezeka amene ndikukulemberani alipo amene sanamalize yake, ndikumupempha mwaulemu kuti ayambe ndi iye, poyera, ena aonere. Kungoti potolerapo muzisiyanitsa wokana kubweza ndi wosowa chobweza. Tili ndi achinyamata ambiri a madigiri amene akugulitsa kaunjika ndi mayunitsi m'tauni muno. Amenewo musawathamangitse ngati akuba, apatseni njira yobweza pang'onopang'ono molingana ndi zimene akupeza.

Inu aphungu, bajeti imadutsa m'manja mwanu. Ndalama ya ngongole ndi thandizo la ophunzira muiteteze, ndipo muzifunsa ngati yatulukadi munthawi yake, osati kungoivomereza papepala. Muzifunsanso funso limene kawirikawiri silifunsidwa: mwa ana amene anasankhidwa chaka chatha, ndi angati sanafike kusukulu, ndi angati anasiyira panjira chifukwa cha ndalama, ndipo anachokera masukulu ati? Mayunivesite ali ndi mayina amenewo. Awerengedwe, alengezedwe, ndipo anawo asakidwe. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Mu 1994 tinatsegula makomo a pulayimale kuti mwana aliyense alowe ulere, ndipo mu 2021 tinakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063 amene amadalira anthu ophunzira. Ana amene ndikukambawa ndi amene anakhulupirira mawu amenewo, n'kuyenda ola ndi theka tsiku lililonse kwa zaka zinayi.

Chaka chino pasukulu pathu asankhidwa atatu, atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi. Mmodzi wa atsikanawo amalera yekha azing'ono ake awiri. Loweruka likubwerali ndawauza abwere m'mawa ndi maenvelopu awo, tikakwere pachulu chija dzuwa lisanatenthe. Bandulo ndagula kale. Ndikupempha kuti mutumize munthu mmodzi wa m'maofesi anu, amene amakonza mafomu amenewa, adzakhale nafe tsiku limodzi ngati limeneli, pasukulu pathu kapena pa CDSS ina iliyonse yakumudzi. Abwere ndi foni wamba, ayese yekha kudzaza fomuyo kuchokera poyamba mpaka pomaliza, kenako tidzapite naye kwa agogo a Naphiri akamve za mbewu ija m'kamwa mwa eni ake. Nsima tidzamuphikira.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa masamu pa CDSS ina, Lilongwe kumadzulo